Thanki ya Njerwa Ikamadontha: Mmene Banja Lingaikonzere

Mawu oyamba

Thanki ya njerwa imayamba kudandaula mwakachetechete. Pakhoma pamaoneka kachinyontho, pafupi ndi mpopi pamamera ndere, kapena m'tsinde mwake mumaphuka udzu wobiriwira mwezi wa Ogasiti, pamene udzu wina wonse unauma kalekale. Eni ake amaona ndithu, n'kumati tidzakonza. Pofika Okutobala, dzuwa litakwiya, kumjigo ndowa zitandandalika mzere, amatsegula mpopi n'kupeza kuti madzi a dzinja lonse analowa pansi. Paja madzi akatayika saoleka.

Kabuku kano n'ka mabanja amene ali ndi thanki yomangidwa ndi njerwa, mabuloko kapena miyala, yopakidwa pulasitala wa simenti mkati. Mfundo zake zikuluzikulu ndi zitatu. Pezani pamene madzi akutulukira musanagule simenti. Konzerani mkati mwa thanki, kumene kuli madziwo. Mukamata, thirirani chigambacho masiku osachepera 7.

1. Kudontha pang'ono kumatha thanki

Tiyerekeze thanki yozungulira, yotambasuka mamita 3 mkati mwake, yakuya mita imodzi ndi theka. Thanki yotere imasunga malita oposa 10,000, ndiye kuti ndowa za malita 20 zoposa 500. Madzi akatsika ndi sentimita imodzi yokha, mwataya malita pafupifupi 70, omwe ndi ndowa zitatu ndi theka. Sentimita imodzi pa tsiku siioneka ndi maso, koma pa masiku 150, kuyambira kumayambiriro a Meyi mpaka kumapeto a Seputembala, thanki yonse yatha popanda wotunga.

Madzi ndi olemeranso. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho malita 10,000 akufanana ndi matumba 200 a chimanga a makilogalamu 50. Katundu yenseyu amatsamira pansi pa thanki ndi m'makoma, ndipo amakankha kwambiri cham'munsi kusiyana ndi cham'mwamba. N'chifukwa chake mathanki ambiri amadontha m'munsi, ndipo bowo la m'munsi limataya madzi ambiri kuposa bowo lofanana nalo la m'mwamba.

2. Chimabweretsa kudontha n'chiyani?

*Pulasitala wofooka.* Mmisiri akachepetsa simenti, akagwiritsa ntchito mchenga wadothi, kapena thanki ikapanda kuthiriridwa itangomangidwa, pulasitala amakhala wosalimba. Madzi amamudutsa ngati mmene amachitira ndi mtsuko watsopano, ndipo njerwa payokha siimitsa madzi.

*Thanki kukhala youma padzuwa.* Usana khoma limatentha n'kufutukuka pang'ono, usiku limazizira n'kubwerera. Thanki yopanda madzi ndiyo imavutika kwambiri, ndipo pulasitala wake amachita timing'alu tonga ukonde wa kangaude.

*Nthaka kusuntha.* Dothi la makande, lofala kuchigwa cha Shire ndi kuchidikha cha Phalombe, limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe, ndipo maziko amakwera ndi kutsika nalo limodzi. Madzi osefukira m'thanki akamagwera m'tsinde mwake amakokolola dothi, mbali imodzi n'kutitimira. Chiswe nacho chimafukula mphako pansi pa maziko. Madera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi amagwedezekanso ndi zivomerezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009. Ngakhale kachivomerezi kakang'ono kakadutsa, pitani mukayendere thanki.

*Mizu ya mitengo.* Mizu ya bulugama, mango ndi kachere imalondola chinyontho. Ikapeza kamng'alu imalowamo, ndipo ikamakula mng'aluwo umakula nayo.

*Paipi kugwedera.* Ana akamakoleka ndowa pampopi kapena kutsamirapo, paipi imagwedezeka pamene yadutsa khoma, simenti n'kuisiya.

3. Kupeza pamene pakudontha

Chitani izi thanki idakali ndi madzi. Mukayamba ndi kukhuthula, mwafafaniza mapazi a wakuba.

1. Tsekani mpopi, muuze a pabanja kuti pasapezeke wotunga kwa tsiku lathunthu. Pisani ndodo yowongoka mpaka pansi, lembani pamene madzi alekezera. Mawa nthawi yomweyo pisaninso. Thanki yovindikira bwino siitaya madzi ambiri ndi dzuwa, choncho madzi akatsika moonekera, ikudontha.
2. Zungulirani thanki m'mamawa dzuwa lisanaumitse khoma. Yang'anani chinyontho, ndere, mizere yoyera ngati laimu yotsika pakhoma, ndi dothi lonyowa. Zungulizani malo onsewa ndi khala kapena choko.
3. Ngati kunja sikukuoneka kanthu, tsatirani mmene madzi akutsikira masiku angapo. Akafika pena n'kuima, bowo lili pa mzere umenewo. Akamatsikabe mpaka kutha, vuto lili pansi pa thanki, pangodya pamene khoma lakumana ndi pansi, kapena papaipi.
4. Madzi akatha, tsukani mkati, mulowe ndi tochi. Khoma likamauma, ming'alu imatsalira ndi chinyezi, imaoneka ngati timizere takuda.
5. Gogodani pulasitala pang'onopang'ono ndi hamala. Wogwira bwino amamveka molimba. Amene wasiyana ndi njerwa amalira ngati chikho chopanda kanthu. Pamenepo palembeni, ayenera kuchoka.

Dziwani kuti pamene madzi akuonekera kunja nthawi zina si pamene alowera mkati. Amatha kuyenda m'mizere ya matope pakati pa njerwa n'kukatulukira patali, kawirikawiri cham'munsi. Mkati fufuzani malo otakasuka, makamaka pamwamba pa chizindikiro cha kunja chija.

Musanaswe kanthu, onaninso mpopi weniweniwo. Nthawi zina vuto ndi kalabala ka mkati mwa mpopi, kapena mazinga a paipi ofunika kukulunga tepi yoyera ya apulambala.

4. Mng'alu uwu ndi wathu kapena wa mmisiri?

Pali mng'alu wogona ndi mng'alu woyenda. Wogona unang'ambika kamodzi n'kuima, ndipo ukamatidwa nkhani yatha. Woyenda ukukulabe chifukwa maziko akusuntha, ndipo mukaumata umang'ambikanso pomwepo.

Kuti muusiyanitse, matani kachigamba kopyapyala ka simenti kopingasa mng'aluwo kunja kwa thanki, kotalika ngati chala. Lembani ndi pensulo pamene mng'alu walekezera mbali zonse ziwiri, ndi tsiku lake. Dikirani masabata 3 kapena 4. Kachigamba kakang'ambika, kapena mng'alu ukadumpha mzere wa pensulo, ndi woyenda.

Mungathe kukonza nokha timing'alu ta mupulasitala, mng'alu wogona, pulasitala wosiyana ndi njerwa, kudontha kwa pangodya ya pansi ndi kwa papaipi.

Itanani mmisiri wodziwa za mathanki mukaona izi:

- mng'alu woyenda, kapena waukulu moti msomali wa mainchi 4 ukulowamo;
- mng'alu wodula njerwa pakati, kapena wotsika ngati masitepe kuchokera pamwamba mpaka pansi;
- khoma lotuluka mimba kapena lopendekeka;
- silabu ya pamwamba yong'ambika, zitsulo zake zikuonekera ndi dzimbiri.

Khoma likatuluka mimba, tulutsani madzi tsiku lomwelo ndipo ana asaseweretso pafupi. Khoma losenza matani 10 likamagwa silichenjeza.

5. Nthawi yabwino ndi chitetezo

Konzani thanki madzi atachepa, mvula isanayambe, cha mu Seputembala kapena kumayambiriro a Okutobala, kuti chigamba chikhwime mvula ya Novembala isanafike. Madzi otsala musawataye. Asungeni m'migolo, mudzawafuna posakaniza simenti ndi pothirira. Poti nyengoyi n'njotentha, gwirani ntchito m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Thanki yokumbira pansi musaikhuthule dzinja, chifukwa madzi a m'nthaka amakankha makoma ndi pansi pa thanki yopanda kanthu mpaka kuing'amba.

Za chitetezo musanyozere:

- Tsegulani chivindikiro usiku wonse musanalowe, kuti mpweya woipa utuluke.
- Musalowe muli nokha. Munthu wamkulu akhale panja pakhomo pa thanki nthawi yonse, ndipo makwerero asachotsedwe.
- Musalowetse mbaula, jenereta kapena pampu ya petulo. Utsi wake umapha m'malo otsekeka munthu asanazindikire.
- Mukamva chizungulire kapena mutu, tulukani msanga.
- Simenti yonyowa imawotcha khungu. Valani magolovesi ndi nsapato zajombo, mutchinjirize maso pogoba. Ikalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala.

6. Zipangizo

Mufunika hamala, tchizulo, bulashi yawaya, mpeni womangira, thabwa losalazira pulasitala, sefa ya mchenga, ndowa, botolo lagalasi, waya wa khola la nkhuku wa maso ang'onoang'ono, misomali, ndi ziguduli kapena pepala la pulasitiki.

*Simenti.* Ya 32.5 kapena ya 42.5, zonse zimagwira ntchitoyi, bola ikhale yatsopano. Pisani dzanja m'thumba. Mukapeza mibulu yosaphwanyika ndi zala, simentiyo inamwa chinyezi, isiyeni.

*Mchenga.* Apa ndi pamene ambiri amaluza ndalama. Tengani mchenga wa kumtsinje, wokhakhala, muusefe. Kuti muuyese, thirani mchenga m'botolo loonekera mkati kufika masentimita 10, onjezani madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse. Dothi limakhazikika pamwamba pa mchenga. Likaposa theka la sentimita, tsukani mchengawo kapena funani wina.

*Madzi.* Akhale oyera, opanda sopo, mafuta kapena matope.

*Kasakanizidwe.* Yezani ndi ndowa imodzimodzi, osati ndi fosholo, chifukwa fosholo imanama. Zotsekera mng'alu: ndowa imodzi ya simenti pa ndowa ziwiri za mchenga. Za pulasitala: imodzi pa zitatu. Sakanizani zouma mpaka mtundu ufanane, kenako thirani madzi pang'onopang'ono. Matope abwino amaumbika m'manja osachucha madzi. Madzi akachuluka, matope amapakika mosavuta koma pouma amasiya timabowo ndi ming'alu. Kandani okwanira theka la ola basi, ndipo oyamba kuuma musawadzutse ndi madzi.

Mankhwala oletsa madzi kudutsa, amene m'mahadiweya amawatchula kuti wotapulufu, amathandiza, koma sangawombole mchenga woipa. Gulani olembedwa kuti ndi oyenera madzi akumwa, mutsatire muyezo wa pachitini. Phula la pamsewu, oilo wakutha ndi penti wamba zisalowe m'thanki.

7. Kakonzedwe

Chigamba cha kunja madzi amachikankha kuti chichoke. Chigamba cha mkati madzi amachikanikizira kukhoma. Amene amamata kunja kokha amangosamutsa madzi, mawa amatulukira pambali.

(a) Mng'alu wogona

1. Gobani mng'alu wonse ndi tchizulo, ukhale ngalande yonga chilembo cha V, masentimita 2 kapena 3 mulifupi, mpaka mufike panjerwa. Pitirirani ndi chikhatho chimodzi kupyola pamene mng'alu ukuoneka kuti wathera.
2. Ngati mng'aluwo walowa m'njerwa, sendani pulasitala masentimita 15 mbali iyi ndi 15 mbali inayo.
3. Palani ndi bulashi yawaya, mutsuke fumbi ndi ndere zonse. Simenti siigwira pa fumbi.
4. Nyowetsani malowo kuyambira dzulo lake. Njerwa youma imayamwa madzi a m'matope, chigamba n'kupsa chisanagwire. Pomata, khoma likhale lachinyezi koma losayenderera madzi.
5. Pakani phala la simenti ndi madzi okha, lolimba ngati phala la mwana.
6. Phalalo lisanaume, kanikizani matope a imodzi pa ziwiri m'ngalandemo mwamphamvu, osasiya mphako.
7. Pamene munasenda pulasitala, khomererani waya wa khola la nkhuku, misomali ilowe m'mizere ya pakati pa njerwa. Pakani pulasitala kawiri monga tafotokozera pa (d) m'munsimu. Waya akwiririke yense, chifukwa akaonekera amachita dzimbiri n'kuphulitsa chigamba.

(b) Pangodya ya pansi

Pamene khoma lakumana ndi pansi ndi pamene mathanki ambiri amagonjera. Gobani ngodya yonse kuzungulira thanki, ngakhale pakudontha pamodzi. Sendani masentimita 15 kukwera khoma ndi 15 kulowa pansi, tsukani, nyowetsani, pakani phala. Pindani waya kuti agone pansi n'kukwera khoma. Unjikani matope pangodyapo, kenako kokani botolo lagalasi chogoneka kuti ngodya ikhale yokhota ngati mkati mwa mbale, yonenepa masentimita 8 mpaka 10. Ngodya yokhota siing'ambika msanga, ndiponso siisunga litsiro.

(c) Papaipi

Gobani kuzungulira paipi mkati mwa thanki, masentimita 5 mbali zonse ndi 5 kulowa m'khoma. Paipi yachitsulo ipaleni dzimbiri, ndipo ikakhala yodyeka isintheni. Pa yatsopanoyo, owotcherera amatirepo kachitsulo kopingasa kokwiririka m'khoma kuti isamazungulire. Paipi yapulasitiki ndi yoterera, simenti siigwira. Ikhuleni ndi sandipepa, ipakeni guluu wa mapaipi, muwazepo mchenga wouma guluuyo asanaume. Mchengawo ndi umene simenti idzagwire. Kenako pakani phala, tsinderani matope a imodzi pa ziwiri ndi kamtengo, muumbe kachulu kozungulira paipiyo. Kunja mangani kachipilala ka njerwa kogwira mpopi, ndi pokhazika ndowa.

(d) Khoma lochita thukuta ponseponse

Khoma likamanyowa popanda mng'alu wooneka, kapena pulasitala akamalira malo ambiri, zigamba sizithandiza. Pakani pulasitala watsopano mkati monse.

1. Chotsani pulasitala yense wofooka. Wolimba mutemeni timabala pafupipafupi kuti watsopano apeze pogwira.
2. Tsukani, nyowetsani, pakani phala.
3. Pakani pulasitala woyamba wa imodzi pa zitatu, wonenepa sentimita imodzi. Akayamba kugwira, mukandeni mizere ndi msomali.
4. Mawa lake pakani wachiwiri, sentimita imodzinso. Yambani ndi makoma, mumalize ndi pansi. Gawo lililonse lithe tsiku limodzi, chifukwa pamene pulasitala wa dzulo wakumana ndi wa lero m'pamene madzi amadzadutsira.
5. Tsiku lomwelo, wachiwiriyu akagwira koma asanaume, pakani phala la simenti lopyapyala, mulisalaze ndi mpeni womangira.

Thumba limodzi la makilogalamu 50 limapaka malo okwana masikweya mita pafupifupi 5 pa kunenepa kwa masentimita 2. Thanki ya mamita 3 ija ili ndi masikweya mita 21 mkati, makoma ndi pansi pamodzi. Konzekerani matumba 6, kuphatikizapo la phala, ndi mawilibala 8 a mchenga wosefa.

(e) Kumanga thanki lamba

Thanki yozungulira imene ili ndi ming'alu yoimirira ingapo nthawi zambiri imakhala kuti inamangidwa ndi waya wochepa m'khoma. Mmisiri akatsimikiza kuti maziko ali bwino, thankiyo imazengedwa kunja ndi waya wosachita dzimbiri wa mamilimita 3 kapena 4, ili yopanda madzi. Cham'munsi mizere ya waya italikirane masentimita 5, cham'mwamba masentimita 10. Waya amakungidwa zolimba n'kukwiriridwa ndi pulasitala, kenako ming'alu imatsekedwa mkati monga pa (a).

8. Kuthirira

Simenti siilimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa chomwa madzi pang'onopang'ono, ndipo imatenga masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene amaiyezera. Chigamba chouma tsiku loyamba chimaoneka bwino, koma ukachikanda ndi msomali chimayoyoka.

Mukangomaliza, vindikirani thanki kuti dzuwa ndi mphepo zisalowe. Mawa lake thirani madzi pansi pa thanki okwana masentimita 5 mpaka 10, muwathire mofatsa. Makoma muziwawaza madzi m'mawa, masana ndi madzulo. Zigamba za kunja zifundeni ziguduli zonyowa, pamwamba pake pepala la pulasitiki. Chitani izi masiku osachepera 7, ndipo mukafikitsa 14 ndiye bwino koposa. Ntchitoyi mupatseni munthu mmodzi wodziwika dzina. Ikakhala ya aliyense, tsiku lachitatu idzakhala yopanda mwini.

9. Kudzaza ndi kutsuka

Pakatha masiku 14 thanki ingathe kulandira madzi. Musaidzaze kamodzin'kamodzi. Ngati mvula ikugwa yamphamvu, patutsani paipi yochokera kudenga kuti madzi azikwera pang'onopang'ono, monga masentimita 30 pa tsiku. Bwerezani muyeso wa ndodo uja. Masiku oyamba madzi amatsika pang'ono chifukwa pulasitala akumwa, ndipo kachinyontho kochepa kamatha kuuma kokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Madzi oyenderera ndiwo amasonyeza kuti pena pake padakali bowo.

Musanayambe kusungamo madzi akumwa, tsukani mkati, poti munalowa anthu ndi nsapato. Sakanizani kapu imodzi ya bulichi wosanunkhiritsa wa 3.5% ndi makapu 16 a madzi, mutsukire makoma chivindikiro chili chotsegula, mutuluke msanga. Pakatha theka la ola tsukuluzani ndi madzi oyera. Madzi oyamba kudzaza amamveka simenti, choncho achapireni ndi kukolopera. Mvula yoyamba nayo isalowe m'thanki, imabwera ndi fumbi ndi zitosi za padenga.

Mng'alu umene umatulutsa madzi umathanso kulowetsa zoipa, makamaka pa thanki yokumbira pansi imene yayandikana ndi chimbudzi kapena khola. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Madzi akumwa ochokera m'thanki muziwawiritsa kapena kuwathira kolorini pa muyezo umene alangizi a zaumoyo a m'dera lanu amapereka, n'kudikira mphindi 30 musanamwe.

10. Kuti isadonthenso

- Musamalize madzi onse. Siyani okwana chikhatho chimodzi pansi kuti pulasitala asaume.
- Pakani laimu kunja kwa thanki, kuyera kumachepetsa kutentha.
- Paipi ya madzi osefukira ikatayire kutali, mamita 2 kapena kuposa, makamaka kudimba. Pansi pa mpopi pakhale simenti ndi kangalande.
- Musadzale mitengo ikuluikulu pafupi, ndipo njira za chiswe muzizithetsa zikangooneka.
- Chivindikiro chizikhala chokhoma chifukwa cha ana, ndipo pakamwa pa mapaipi pakhale sefa yotchinga udzudzu.
- Yenderani thanki kawiri pa chaka: mu Epulo itadzaza, kuti muone pochucha, ndi mu Seputembala madzi atachepa, kuti mukonze.

Ndodo yoyezera ija musaisonkhere moto. Isungeni pafupi ndi thanki, ndipo mwana wa sukulu wa pakhomopo azilemba muyeso m'kope kamodzi pa mwezi. Ogasiti wa chaka chamawa pitani mukaone udzu wa m'tsinde mwa thanki. Mukaupeza wouma ngati unzake wa pabwalo, dziwani kuti madzi anu ali mkati.